Mitu ya Geography yachuluka, nanga chimene chimaimanga pamodzi n'chiyani?

Tiyamike (Fomu 3, Nsanje):
Moni aphunzitsi ndi anzanga nonse. Ndithandizeni pa Geography. M'kope mwanga muli latitude ndi longitude, kuwerenga mapu, mitsinje, mvula, chiwerengero cha anthu, ulimi, zamayendedwe. Mutu uliwonse ndimauloweza pawokha, koma funso likangopotozedwa pang'ono ndimasowa pogwira. Kodi pali chimene chimalumikiza mitu yonseyi, kapena phunziroli ndi lotere basi?

Yankho (Fomu 4, Mulanje):
Achemwali, pezani mapepala a MANEB a zaka zam'mbuyo. Mafunso amabwerezabwereza. Mukaloweza mayankho a zaka zingapo mwakhoza. Ife a Fomu 4 nthawi yofufuza zozama tilibe.

Madamu Nabanda (mphunzitsi, Dedza):
Yankho, mapepala akale ndi othandiza, sindikukana, koma funso la mnzako ndi labwino ndipo lisathawidwe. Tiyamike mwana wanga, chimene chimamanga phunziro lonseli ndi mafunso ochepa amene umafunsa malo alionse. Malowo ali pati? Ndi otani? Anthu awachita chiyani, nanga iwo awachita chiyani anthuwo? N'chiyani chimalowa ndi kutuluka? Akufanana ndi malo ati, ndipo kufananako kukuthera pati? Aphunzitsi a ku America anaika mafunso amenewa m'mitu isanu m'chaka cha 1984, koma iwe usavutike ndi kuloweza mituyo. Tenga malo amodzi amene ukuwadziwa, uwafunse. Iwe uli ku Nsanje, ndiye titenge Shire. Ndiyambe ndi funso ili: kuchigwa kwanuko mvula imagwa yochepa poyerekeza ndi kwa Yankho ku Mulanje. Nanga bwanji madzi amasefukira kwanu?

Tiyamike (Fomu 3, Nsanje):
Chifukwa kwathu n'kotsika, Madamu.

Madamu Nabanda (mphunzitsi, Dedza):
Wayamba bwino. Kotsika bwanji? Tiyeni tiike manambala. Pamwamba pa nyanja ya Malawi pali mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Pamene Shire amatulukira m'dziko muno, kumunsi kwa Nsanje, ndi pa mamita pafupifupi 37, ndipo amenewo ndiye malo otsikitsitsa m'Malawi monse. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002. Tayang'ana pa mapu uone kuyandikana kwa Sapitwa ndi chigwa chanu. Malo okwera kwambiri ndi malo otsika kwambiri m'dziko muno ali m'chigawo chimodzi, moyang'anizana. Madzi ambiri ogwa pa Mulanje amatsikira kwanu.

Aphunzitsi a Mbewe (Nkhotakota):
Ndionjezere pamenepo, Madamu. Ana ambiri amaganiza kuti madzi osefukira ku Chikwawa ndi ku Nsanje amachokera kuno kunyanja. Nthawi zambiri si choncho. Nyanja ndi nkhokwe ya madzi: imalandira ambiri nthawi ya dzinja n'kumatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Ndiponso madzi amene amauma ndi dzuwa pamwamba pa nyanjayi ndi ochuluka kuposa amene amatuluka ndi Shire ku Mangochi. Oopsa ndi madzi a mitsinje imene imalowa mu Shire kumunsi kwa Liwonde: Lisungwi, Mkulumadzi, Mwanza, ndipo koposa yonse Ruo. Ruo amachokera pa phiri la Mulanje, amatsika mothamanga, n'kukakumana ndi Shire ku Chiromo. Akadzaza kwambiri amatchinga Shire, madzi a Shire n'kubwerera m'mbuyo kukadzaza dambo la Elephant Marsh ndi midzi yozungulira. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kuboola ina, anthu a ku Makhanga n'kutsala pakati pa madzi.

Tiyamike (Fomu 3, Nsanje):
Zimenezo zimachitikadi, aphunzitsi. Nthawi zina kwathu kumakhala kuli dzuwa, koma madzi akubwera. Akuluakulu amayang'ana mitambo ya kumapiri, osati ya pamutu pathu.

Madamu Nabanda (mphunzitsi, Dedza):
Akuluakulu amenewo akuchita Geography yeniyeni. Dera lonse limene madzi ake amathera mu mtsinje umodzi ndi limene m'buku mwanu akulitcha drainage basin, ndipo zitunda zimene zimalekanitsa dera lotere ndi linzake ndi watershed. Ukamva mawu amenewa uziona Mulanje, Thyolo ndi mapiri a ku Mwanza ndi ku Neno akutsanulira madzi kwanu.

Yankho (Fomu 4, Mulanje):
Chabwino, koma bwanji kwathu mvula imachuluka chonchi? M'kope tinalemba kuti relief rainfall, ndi chithunzi cha phiri ndi mivi.

Aphunzitsi a Mbewe (Nkhotakota):
Chithunzicho ndi phiri limene ukuliona pakhomo pako, Yankho. Mphepo yachinyontho imachokera ku nyanja ya Indian Ocean, kum'mwera chakum'mawa. Ikafika pa Mulanje imakakamizika kukwera. Mpweya ukamakwera umazizira, pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse, ndipo mpweya wozizira sungathe kusunga chinyontho chambiri, choncho chimasanduka mitambo ndi mvula. Mbali ya phiri yoyang'ana kumene mphepo ikuchokera ndiyo imanyowa, n'chifukwa chake madera ena a Mulanje amalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka. Mphepo ija ikatsika kuseri imakhala itauma kale, n'chifukwa chake ku Phalombe, kuseri kwa phiri lomwelo, n'kouma poyerekeza ndi kwanu. Kuchigwa cha Shire kawirikawiri mvula sifika n'komwe mamilimita 1,000. Tsono dzifunse: bwanji tiyi ali ku Mulanje ndi ku Thyolo, osati ku Kasungu? Tiyi amafuna chinyontho ngakhale m'miyezi yopanda mvula, ndipo chiperoni cha Juni ndi Julaye, mawawa aja ochokera mbali ya phiri la Chiperone ku Mozambique, ndicho chimamusunga. Mutu wa mvula ndi mutu wa ulimi walumikizana pomwepo. Ukapatsidwa funso la zimene zimachititsa kuti tiyi alimidwe malo akutiakuti, sufunikanso kukumbukira mndandanda, ungofotokoza kwanu.

Chisomo (Fomu 2, Mchinji):
Pepani ndilowerere. Ine chimandivuta ndi latitude ndi longitude, makamaka masamu a nthawi aja.

Limbani (wophunzira za malo ku yunivesite, Zomba):
Mng'ono wanga, tiyambe ndi dziko lathu. Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kum'mwera kwa Equator, komanso pafupifupi pakati pa madigiri 33 ndi 36 kum'mawa kwa mzere wa Greenwich. Manambala awiriwo akakumana amaloza malo amodzi okha padziko lonse lapansi. Koma malo utha kuwalozanso potchula oyandikana nawo: Mchinji ili kumadzulo kwa Lilongwe, pa msewu wopita ku Chipata. Njira zonse ziwiri zimafunsidwa pa mayeso.

Za nthawi zili motere. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, ndiye kuti madigiri 15 pa ola, kapena mphindi 4 pa digiri imodzi. Limazungulira cholowera kum'mawa, choncho a kum'mawa amayamba ndiwo kuona dzuwa. Nthawi ya pa wotchi yathu inatengedwa pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa, ndiye 30 kugawa ndi 15 ndi maola 2 patsogolo pa Greenwich. Tsopano taona izi: kwanu ku Mchinji kuli pafupi ndi madigiri 33, kwa Yankho ku Mulanje kuli pafupi ndi madigiri 35 ndi theka. Kusiyana kwake ndi madigiri awiri ndi theka, kuchulukitsa ndi mphindi 4, zikukwana mphindi 10. Dzuwa limafika paliwombo ku Mulanje mphindi pafupifupi 10 lisanafike paliwombo kwanu, ngakhale mawotchi anu akunena zofanana.

Chisomo (Fomu 2, Mchinji):
Zikomo achimwene. Nanga latitude ntchito yake n'chiyani, kupatula kuloza malo?

Limbani (wophunzira za malo ku yunivesite, Zomba):
Imatiuza mmene dzuwa limatiwombera. Dziko lathu lonse lili pakati pa Equator ndi Tropic of Capricorn, imene ili pa madigiri 23.5 kum'mwera, choncho dzuwa limadutsa pamutu pathu penipeni kawiri pa chaka, chakumayambiriro kwa Novembala popita kum'mwera ndi mu Febuluwale pobwerera. Zika ndodo yowongoka pabwalo masiku amenewo masana, uona mthunzi wake utatsala pang'ono kusowa. Kumene dzuwa lili pamutu kumatentha, mpweya umakwera, mphepo za kumpoto ndi za kum'mwera zimakumana, ndipo lamba wa mvula amene m'buku akumutcha ITCZ amatsatira dzuwalo. N'chifukwa chake dzinja lathu ndi la Novembala mpaka Epulo. Koma latitude payokha simaliza nkhani. Dedza ndi Salima sizitalikirana kwenikweni pa latitude, koma ku Dedza anthu amavala majuzi pamene ku Salima akutuluka thukuta, chifukwa Dedza ili pamwamba ndi mamita oposa 1,000 kuyerekeza ndi m'mphepete mwa nyanja.

Madamu Nabanda (mphunzitsi, Dedza):
Ndipo kuzizira komweko ndiko kumabereka mbatata ya kachewere ndi kabichi zimene mumaziona pa Lizulu. Tibwerere ku Shire, chifukwa sitinafunse funso lalikulu: mtsinjewu wawachita chiyani anthu, ndipo anthu auchita chiyani?

Agogo a ku Liwonde (mlangizi wopuma ntchito):
Zidzukulu zanga, mundilole ndiyankhepo, poti mtsinje umenewu ndakhala m'mbali mwake nthawi yaitali. Shire ndi wautali makilomita pafupifupi 400, ndipo ali ndi makhalidwe atatu. Kuchokera ku Mangochi, kudzera m'nyanja ya Malombe, kufika kuno ku Liwonde mpaka ku Matope, amayenda mwaulesi chifukwa malo ndi athyathyathya. Kuchokera ku Matope kutsikira ku Chikwawa amagwa m'mathithi, kutsika mamita oyandikira 400 pa mtunda waufupi. Akafika kuchigwa amafatsanso, n'kumakhotakhota mpaka kukalowa mu Zambezi ku Mozambique.

Chigawo chapakaticho ndicho chinalemba mbiri ya dziko lino. David Livingstone atakwera Shire pa sitima mu 1859 anaima pa mathithi a Kapichira, sitima sikanatha kupitirira. Amishoni a Livingstonia atabwera ndi sitima yawo ya Ilala mu 1875 anachita kuiphwasula, anthu mazanamazana n'kuisenza pamutu kulambalala mathithiwo, n'kukaimanganso kumtunda. Katundu yense wopita kunyanja ankatsitsidwa kuchigwa n'kukwera mtunda pamitu ya amtengatenga, ndipo njira imeneyo ndi imodzi mwa zimene zinakulitsa Blantyre. Mathithi omwewo amene anatchinga sitima ndi amene lero akutipatsa magetsi pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pano pa Liwonde anamangapo Kamuzu Barrage mu 1965 kuti azitha kuchepetsa kapena kuonjezera madzi opita kumakina amenewo.

Chinthu chimodzi chimene ana ambiri sachidziwa n'chakuti Shire anasiyapo kutuluka m'nyanja. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi a m'nyanja anatsika kwambiri, mchenga ndi zomera zinatseka potulukira. Nthawi imeneyo kunalibe makina a magetsi pa mtsinjewu. Muganizire zitachitika lero.

Limbani (wophunzira za malo ku yunivesite, Zomba):
Zikomo agogo. Ndipo mbali inayo tinaiona mu 2024, pamene nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. A kumtunda ankafuna kuti zitseko za pa Liwonde zitsegulidwe kwambiri madzi atsike, koma madzi amenewo akatsegulidwa amapita kwa Tiyamike. Chitseko chimodzi, anthu a mbali ziwiri. Mafunso a Geography ya anthu ambiri amakhala otere.

Aphunzitsi a Mbewe (Nkhotakota):
Pa zimene anthu auchita mtsinjewu, ine ndinena mosabisa: taudula mitengo. Makala amene amalowa mu Blantyre pa njinga tsiku ndi tsiku amachokera ku Neno, Mwanza, Balaka, madera omwewo amene madzi ake amathera mu Shire. Phiri likakhala lambee, mvula simalowa pansi, imathamanga pamwamba itanyamula dothi. Dothilo limakadzaza pa madamu a magetsi, lina limakakwirira mtsinje kuchigwa, mtsinje n'kukhala wosazama, ndiye ukangodzaza pang'ono wasefukira. Onjezani namasupuni amene amatseka makina. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amaphikira nkhuni kapena makala. Ndipo ndinenenso china chimene ena sachikonda: anthu okhala malo osefukira madzi asamukire kumtunda. Chaka ndi chaka tikulira maliro a malo omwewo.

Tiyamike (Fomu 3, Nsanje):
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, pamenepo sindikugwirizana nanu. Anthu a kwathu si osamva. Kumtunda kumene mukunenako n'kouma, chimanga chimapserera chisanakhwime, n'chifukwa chake timadzala mapira ndi mchewere. Chakudya chenicheni chimachokera kudimba. Madzi akaphwa amasiya dothi lachonde ndi chinyontho, timadzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu popanda feteleza, n'kukolola nthawi imene kwina kulibe kanthu. M'dambo muli mlamba ndi mphende. Munthu mukamuuza kuti asamuke, mwamuuza kuti asiye munda, nsomba ndi manda a makolo ake, ndipo kumene akupitako malo ali ndi eni ake. Ambiri amene ndikuwadziwa ali ndi nyumba kumtunda ndi chisakasa kudimba, amayendera nyengo.

Aphunzitsi a Mbewe (Nkhotakota):
Ndakumva mwana wanga, ndipo mfundo yako ya dimba ndi yoona. Koma moyo wa munthu suposa munda? Madzi a masiku ano sakubwera monga ankabwerera kale. Taonani anamondwe aja: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Nzeru ya makolo yoyendera nyengo inkagwira ntchito pamene madzi ankakwera pang'onopang'ono.

Madamu Nabanda (mphunzitsi, Dedza):
A Mbewe, ine ndili mbali ya mwanayu, ngakhale nkhawa yanu ndikuimvetsa. Kulima kudimba ndi kugona kudimba ndi zinthu ziwiri, ndipo zimene wanena Tiyamike za nyumba kumtunda ndi munda kumadzi ndi yankho limene anthuwo analipeza okha. Chofunika n'chakuti malo a kumtundawo akhale otsimikizika, pakhale mjigo, sukulu ndi chipatala, komanso uthenga wochenjeza uzifika msanga kuchokera kumene mvula ikugwa. Ana inu, taonani kuti mkangano umenewu ndi mutu wa settlement ndi wa migration m'silabasi mwanu. Zokankha munthu kuti achoke ndi zomukoka kuti akhale, Tiyamike wazitchula zonse osatsegula buku.

Limbani (wophunzira za malo ku yunivesite, Zomba):
Pa nkhani ya mitengo ndikufuna tisamale pang'ono, chifukwa pa mayeso ana amalemba kudula mitengo ngati yankho la funso lililonse. Kudula mitengo kumakulitsa vuto, koma si chiyambi cha zonse. Napolo anagumula phiri la Zomba mu Disembala 1946, ndipo wina anatsika m'phiri la Michesi n'kuwononga ku Phalombe mu Malichi 1991. Phiri lotsetsereka likamwa mvula yoopsa kwa masiku angapo, dothi limalemera n'kutsetsereka pamwamba pa thanthwe, ngakhale pali mitengo. Freddy anayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, anawoloka Indian Ocean yonse, anagunda Madagascar ndi Mozambique, n'kubwerera kunyanja kukatenganso mphamvu, kenaka n'kulowanso cha ku Quelimane mu Malichi. Anakhala ndi moyo kupitirira mwezi wathunthu. Mvula imene anabweretsa ikanawononga ndithu. Chimene anthufe tinaonjezera ndi kumanga nyumba m'mphepete mwa phiri la Soche, ku Chilobwe ndi malo ena otere, mmene matope anadutsa. Ndipo anthu anamanga kumeneko chifukwa malo abwino mu mzinda ndi odula. Yankho labwino limatchula zonse zitatu: mvula, kutsetsereka kwa malo, ndi kumene anthu akhala.

Taonaninso kuti ngakhale dziko lathu silikhudza nyanja yamchere, kum'mwera kwathu kuli pafupi ndi gombe la Mozambique, n'chifukwa chake anamondwe amenewa amavutitsa kwambiri Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Phalombe ndi Blantyre kuposa Mzimba kapena Chitipa. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo wometa tsitsi wa ku Mzuzu, amene mvulayo sanaione, anakhala osagwira ntchito chifukwa cha kuzima kwa magetsi.

Yankho (Fomu 4, Mulanje):
Izi zikumveka. Koma pepala la mapu lija silifuna nkhani, limafuna manambala. Ma contour amandisokoneza.

Madamu Nabanda (mphunzitsi, Dedza):
Pitani pa chulu ndi anzako, mutenge zingwe. Zungulizani chingwe choyamba m'munsi mwa chulu, chisakwere kapena kutsika, chachiwiri chikhale m'mwamba mwake ndi chikhatho chimodzi, chachitatu chimodzimodzi mpaka pamwamba. Kenaka wina ayang'ane ali pamwamba, ajambule zingwezo mmene zikuonekera. Mbali imene chulu chili chotsetsereka kwambiri zingwe zidzaoneka zothinana, mbali yotsetsereka pang'onopang'ono zidzatalikirana. Contour ndi mzere wolumikiza malo onse okwera mofanana, basi. Pa mapu, mizere ikapanga chilembo cha V choloza kumtunda, pamenepo pali chigwa ndipo mtsinje ukutsika kuchokera kunsonga ya V. Ikaloza kumunsi, ndi msana wa phiri.

Sikelo ya 1:50,000 ikutanthauza kuti sentimita imodzi pa pepala ndi masentimita 50,000 pansi, amene ndi theka la kilomita. Masentimita 2 ndi kilomita imodzi. Msewu wokhotakhota uyeze ndi ulusi, kenaka uwongole ulusiwo pa rula. Pa grid reference, manambala olozera malo pa mapu, yamba ndi manambala a mizere yoimirira, amene amakula popita kum'mawa, kenaka a mizere yogona, amene amakula popita kumpoto. Ana ambiri amataya malikisi pongotembenuza ziwirizi.

Chisomo (Fomu 2, Mchinji):
Madamu, pa mafunso anu aja munatchula za malo ofanana ndi pamene kufananako kukuthera. Ndiye zigawo zitatu zija, kumpoto, pakati ndi kum'mwera?

Madamu Nabanda (mphunzitsi, Dedza):
Zimenezo ndi zigawo za boma, zokhala ndi maboma 28, ndipo ndi mtundu umodzi chabe. Chigawo chimadalira chimene wasankha kuyang'ana. Ukayang'ana kutentha ndi kutsika kwa malo, Karonga, Salima ndi Nsanje zili m'gulu limodzi, chifukwa zonse zili pansi pa chigwa chachikulu cha Rift Valley, pamene nthaka inang'ambika n'kutitimira. N'chifukwa chake zivomezi zinagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009, ndiponso n'chifukwa chake nyanja yathu ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto. Ukayang'ana fodya, chigawo chake ndi chidikha cha Lilongwe, Kasungu ndi kwanu ku Mchinji. Ukayang'ana chilankhulo ndi Gule Wamkulu, chigawocho sichiima pa malire a Mwami, chimapitirira mpaka Chipata ndi Katete ku Zambia, n'kulowanso m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kuno kwathu, pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pali malo amene mbali imodzi ya msewu ndi Malawi, inayo ndi Mozambique, koma anthu ake ndi amodzi, msika ndi umodzi. Malire amenewo anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo anatsata zitunda zolekanitsa madzi opita kunyanja ndi ku Shire ndi madzi opita ku Zambezi. Watershed ija tinaitchula poyamba yasanduka malire a dziko.

Agogo a ku Liwonde (mlangizi wopuma ntchito):
Pa zolowa ndi zotuluka musaiwale njanji, ana inu. Njanji yoyamba inalumikiza Blantyre ndi Nsanje, imene nthawiyo inkatchedwa Port Herald, mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935 sitima zinayamba kufika ku Beira osadukiza. Ya ku Nacala, imene imadutsa pano pa Liwonde, inatsegulidwa mu 1970. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira zimenezi m'zaka za m'ma 1980, katundu wathu ankazungulira mtunda wautali kupita ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ndipo anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi analowa m'dziko muno, ambiri ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Mtengo wa feteleza ndi mafuta umene makolo anu amadandaula nawo uli ndi mtunda umenewu mkati mwake.

Yankho (Fomu 4, Mulanje):
Funso lina. Nyanja ya Chilwa ili pafupi ndi kwathu kuseri kwa Phalombe. Madzi ake nawonso amapita mu Shire?

Limbani (wophunzira za malo ku yunivesite, Zomba):
Ayi, Chilwa ilibe potulukira. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imalowamo, koma madzi amachoka pouma ndi dzuwa basi, mchere n'kumatsalira, n'chifukwa chake madzi ake ndi amcheremchere. Ndi yosazama, choncho mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, anthu mpaka kumayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi. Ikaphwa asodzi a matemba amasamukira ku Malombe, ku Chiuta kapena ku nyanja yaikulu, ena amayamba kulima pamene panali madzi. Inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zake. Ndiye phiri la Mulanje limodzi lomwelo limagawa madzi ake pawiri: a mbali yanu amatsika ndi Ruo kupita kwa Tiyamike mpaka ku Zambezi, ena a mbali ya Phalombe amathera m'Chilwa osafika kunyanja yamchere.

Aphunzitsi a Mbewe (Nkhotakota):
Yankho, tenga mafunso asanu a Madamu aja uwafunse Chilwa, ulembe tsamba limodzi, utumize pano Loweruka. Chisomo, iwe uchite chimodzimodzi ndi mtsinje wa Bua, uyambire kwanu ku Mchinji kumene ukuchokera mpaka kuno ku Nkhotakota kumene ukuthera, ndipo usaiwale mpasa umene umakwera mtsinjewo kukaswana. Tiyamike, iwe ufunse akuluakulu awiri kapena atatu kuti madzi anafika pati mu 2015 ndi mu 2023, ujambule mapu a mudzi wanu ndi mizere iwiriyo. Pa nkhani yosamuka ija sindinasinthe maganizo, koma ndikufuna ndione mapu akowo tisanapitirize kukambirana.

Tiyamike (Fomu 3, Nsanje):
Ndichita, aphunzitsi. Ndiikaponso pamene pali madimba, mjigo ndi sukulu, kuti muone mtunda umene ulipo pakati pa minda ndi kumtunda kumene mukunenako.

Madamu Nabanda (mphunzitsi, Dedza):
Uikenso muvi woloza kumpoto ndi sikelo, ngakhale yoyeza ndi mapazi. Ndipo ngati pali mphunzitsi pano amene ali ndi mapu a 1:50,000 a dera la Chiromo kapena la Bangula, atijambulire pa foni atitumizire, kuti ana ayerekeze ndi zimene Tiyamike adzajambule.